Ulendo wa ku Majete: Kujambula Mimbulu M'bandakucha

Abale anga alimi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, sabata ino sindinena za thonje kapena mapira ayi. Ndifuna kukusimbirani za ulendo umene ndinayenda ku nkhalango ya Majete, kukafuna chithunzi cha nyama imene ambiri a inu munangoimva kwa agogo. Nyamayo ndi m'mbulu.

Mudziwa kuti Majete ali kumpoto kwa boma la Chikwawa, pafupi ndi mathithi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Kale nyama zinatsala pang'ono kutheratu m'menemo chifukwa cha alenje osaka mobisa. M'chaka cha 2003 Boma linapangana ndi bungwe la African Parks kuti lisamale nkhalangoyo, ndipo anayamba kubwezeramo zipembere, njovu ndi mikango. Mimbulu inafika mu Julayi 2021. Inabwera 14 pa ndege, yochokera ku Mozambique ndi ku South Africa. 8 inapita ku Liwonde, ndipo 6 inadza kwathu kuno.

M'mbulu ufanana ndi galu wamkulu, koma uli ndi miyendo yaitali, makutu aakulu obulungira ndi mchira woyera kunsonga. Thupi lake ndi lamawanga akuda, oyera ndi achikasu, ndipo palibe iwiri yofanana mawanga. Nchifukwa chake chithunzi chili ndi ntchito: osamala nyama amazindikira uliwonse pa mawanga ake, monga inu muzindikira ng'ombe zanu m'khola.

Koma kuijambula ndi kovuta ndithu. Masana imagona pamthunzi, monga tichitira ife tonse a kuchigwa dzuwa likakula. Imasaka m'mamawa ndi madzulo, nthawi imene kuwala kuli kochepa.

Tinanyamuka pa galimoto kusanache, ine ndi wotiperekeza wa m'nkhalangomo. Unali mwezi wa Okutobala, fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zitaphimba chigwa chonse. Tisanafike patali, mimbulu ija inatulukira mumsewu ili pa liwiro. Ndinajambula msangamsanga, mtima uli phaphapha. Poyang'ana zithunzi, zonse zinali mbuu ngati nkhungu.

Chifukwa chake ndi ichi. Kamera ili ngati diso. Kukakhala mdima iyenera kupenya nthawi yaitali kuti kuwala kulowe kokwanira, ndipo nyama ikasuntha kapena dzanja likanjenjemera pa nthawi imeneyo, chithunzi chaonongeka. Dzuwa litatuluka ndinalakwanso, pakuti linali kutsogolo kwanga, ndipo mimbulu inangooneka yakuda bii, mawanga osaoneka.

Madzulo tinaipeza itagona. Tsopano tinaima dzuwa lili kumbuyo kwathu, tinazimitsa injini, ndipo ndinatsamiritsa kamera pa kathumba ka nyemba pazenera kuti isagwedezeke. Sindinayatse nyali ya kamera, pakuti imadzidzimutsa nyama. Tinadikira nthawi yaitali, thukuta lili chuchuchu. Dzuwa litapendeka inadzuka, niyamba kulonjerana ndi kulira ngati timbalame. Umodzi unaima chilili nutchera makutu. Pamenepo ndinajambula, ndipo chinatuluka chithunzi chimodzi chabwino pa tsiku lonse. Akuluakulu ananena zoona, kuona maso a nkhono nkudekha.

Mwina mufunsa kuti, nanga ife alimi zitikhudza bwanji? Tamverani. Akatswiri amati mu Africa yense mwatsala mimbulu ngati 6,600 yokha. Ija inapita ku Liwonde inaswana, koma mu Novembala 2022 gulu lonse, mimbulu 18, linafa ndi poizoni. Ntchito ya anthu ambiri ndi ndalama zambiri zinathera pomwepo. Zambiri mwa zimene zimapha mimbulu zimachokera kumidzi, ndipo pali zitatu zimene tingachite.

Choyamba, sungani bwino mankhwala opopera thonje ndi ndiwo zamasamba. Musagulitse kapena kupatsa munthu amene simudziwa munda wake. Mankhwala othiridwa pa nyama yakufa kapena pa dziwe sasankha: amapha mimbulu, miimba, agalu anu, ngakhale mwana wokamwa madzi.

Chachiwiri, pitani ndi agalu anu kukabayitsa katemera wa chiwewe chaka ndi chaka. Mimbulu imatenga chiwewe kwa agalu a pamudzi, ndipo popeza imanyambitana ndi kudyera pamodzi, umodzi ukadwala gulu lonse lingathe. Katemera yemweyo ateteza ana anu.

Chachitatu, lekani misampha ya waya. Wotchera amafuna gwape, koma waya sudziwa gwape.

Sindikana kuti m'mbulu ungagwire mbuzi. Nkhalango ili ndi mpanda, koma ngati muiona kunja, tsekerani ziweto m'khola lolimba, muuze a mfumu, ndipo uthenga ufike msanga kwa alonda a nkhalango. Musathamangire poizoni.

Chithunzi chija ndachikhoma mu ofesi yanga, pambali pa kalendala ya mvula. Mukabwera kudzafunsa za mbewu, mudzachione. Koma ndifuna kuti ana anu adzaione mimbulu ndi maso awo ikuyenda, osati papepala pokha.

Tsalani bwino. Ine mlangizi wanu.