Chikho cha Madzi pa Njakwa

Popita ku Rumphi kuchokera ku Mzuzu timawoloka mtsinje wa South Rukuru pa Njakwa, pomwe madzi amapanikizika pakati pa mapiri. Tsiku lina matola athu atafera pamenepo, agogo ena anatiuza kuti kale Atumbuka ankabwera kuderali kudzapempha mvula kwa Chikang'ombe. Mwana wathu anaseka. Agogowo sanayankhe, anangomupatsa madzi akumwa m'chikho chawo. Makolofe manyazi anatigwira.

Madzulo ake tinamukhazika pansi mwanayo n'kumufotokozera za malo enanso opemphererapo, akutali: phanga la Hinglaj, m'chipululu cha Balochistan ku Pakistan, pafupi ndi mtsinje wa Hingol. Chaka chilichonse mu April, Ahindu zikwizikwi amapita kumeneko kukapembedza mulungu wawo wamkazi. Msewu wa tala wa Makran usanathe mu 2004, ankayenda pansi masabata angapo kuchokera ku Karachi, dzuwa likuswa mtengo. Eni dera limenelo ambiri ndi Asilamu. Malowo amawatcha Nani, kutanthauza agogo aakazi, ndipo amathandiza kuteteza alendowo.

Tinamuuza kuti ife timagwadira Allah yekha, pamenepo sitisuntha. Komabe Qur'an yolemekezeka, m'Surah Al-An'am ndime 108, imatiletsa kutukwana zomwe ena amapembedza.

Pobwerera, mwanayo anapempha yekha kuti titsike pa Njakwa akapepese. Agogo aja sitinawapeze. Mpaka lero, tikamawoloka mlathowo, amasuzumira pawindo.