Ndiwo ya anapiye ili pachulu

Ku Ntengo-Wambalame, m'boma la Tsangano, kuli gogo wina wamasiye amene ndalama ya sopo, mchere ndi makope a adzukulu amaipeza m'khola la nkhuku. Vuto likagwa amagwira tambala ndi kukagulitsa ku msika wa Biriwiri. Koma chaka china anapiye ake anayamba kufa mmodzimmodzi, otsalawo n'kumangonyentchera. Sichinali chitopa ai. Gogoyo anawatsekera m'kakhola poopa akabawi, ndipo ankangowathirira gaga yekhayekha.

Gaga amakhutitsa koma sakulitsa. Mwanapiye amafuna chakudya chomanga thupi monga soya kapena usipa. Tsono soya wa kuno amapita kwa ogula akangokololedwa, ndipo usipa ndi ndiwo ya anthu. Ndani angaupatse nkhuku ana akudyera masamba?

Mdzukulu wake ndiye anabwera ndi nkhani ya pa wailesi. "Agogo, akuti ku Kenya akuweta mphutsi zodyetsa nkhuku."

Gogo analavula malovu. "Iwe, mphutsi n'zoweta?"

Komatu mnyamatayo sananame. Bungwe la icipe ku Nairobi limaphunzitsa alimi kuweta mphutsi za ntchentche yakuda yooneka ngati mavu, imene siluma ndipo sitera pa nsima. Mphutsizo zimadya makoko a mbatatesi, masese ndi zotsala zina. Kumalo otentha zimanenepa m'masabata awiri, koma kozizira ngati kuno zimachedwerako. Zikaumitsidwa, pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse amakhala chomanga thupi, kufanana ndi soya. Dziko la Kenya linaloleza tizilombo m'chakudya cha ziweto mu 2017, ndipo maiko a European Union analoleza ku nkhuku ndi nkhumba mu 2021.

Usiku umenewo gogo sanagone msanga. Anakumbukira malemu mai ake akugumula chulu ndi khasu, anapiye akuthamangira. Nanga nkhuku ikamapalasa tsiku lonse imakhala ikufuna chiyani?

Madzulo a tsiku lotsatira anatenga mphika wong'aluka, nadzazamo mapesi ndi ndowe zouma za ng'ombe, nawaza madzi, nauvundikira m'mbali mwa chulu. M'mamawa dzuwa lisanakwere anapeza chiswe chili nyakanyaka. Agang'a a mitu ikuluikulu anawachotsa chifukwa amaluma anapiye kummero. Adzukulu anawatumanso kukagwira ziwala, koma anawaletsa kutola za m'dimba lopopera mankhwala.

Anapiye asanu ndi awiri otsalawo anakula onse. Atatu anagulitsidwa, makope nagulidwa, winanso anaphedwa mlendo atabwera. Tsopano mnyamata uja wasunga masese m'chidebe kuseri kwa khola, akudikira ntchentche yake yakuda iikire mazira. Gogo amadutsa pamenepo atatseka mphuno, koma chidebecho sachitaya.

Akuluakulu anati mau awo akoma akagonera. Pakhomo pa gogoyu aona kuti a mdzukulu nawonso amagonera.