Chithunzi cha Pansi pa Mkuyu

Kamera imene ndili nayo ndidaigula yakale ku Lilongwe nditangodzozedwa unsembe. Sindine katswiri. Ndimajambula ana a Ukaristia woyamba, amai akamakonza tchalitchi, ndiponso mapiri a ku Ntchisi nkhungu ikamatsika m'maŵa. Komabe Akhristu onse a m'parishi mwathu amadziŵa kuti Bambo ali ndi kamera, ndipo salipiritsa.

Tsono Loŵeruka lina m'mwezi wa Juni, mwera ukuwomba, ndikuchokera ku tchalitchi lina lakumudzi pa njinga yamoto, ndidapeza achinyamata aŵiri akundidikira pakhonde. Onse ngoimba kwaya, onse a Folomu 4. Madzulo ake kusukulu kwao kunali phwando lotsazikana, lija amachita mayeso a MSCE atayandikira, limene limayamba ndi malankhulidwe ndi mpunga nkuthera ku dansi. Mtsikana adavala deresi losokedwa ndi telala wa pa Mponela. Mnyamata adabwereka jekete la atsibweni ake, lamanja aatali mpaka kubisa zala.

"Bambo, mutijambuleko tili aŵiri."

Ndidayamba kudandaula za batire. Ndiulule pano kuti batirelo linali lodzaza. Chimene ndinkaopa nchakuti kwathu kuno chithunzi cha mnyamata ndi mtsikana sichikhala chete. Chikafika pachitsime chasanduka kale chitomero, ndipo anthu akamva kuti wojambula ndi wansembe, amati Bambo adadalitsa. Ku seminale ya Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba tidaphunzira kuchenjera, ndipo kuchenjerako kuli ndi chifukwa chake. Ngakhale mu 2017 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa kuti munthu asaloŵe m'banja asanakwane zaka 18, tonsefe tikuŵadziŵa atsikana amene adasiyira makope panjira chifukwa cha nkhani zoyamba ngati maseŵera.

Ndikadali kuzembazemba, agogo ake a mtsikanayo adatulukira kuseri kwa nyumba kumene ankaothera dzuŵa. Kani adatsika kuphiri ndi ndodo yao kuyambira m'maŵa. Adakhala pansi nati:

"Bambo Mfumu, ajambuleni anaŵa. Mai wake wa uyu ndidamuika m'manda uyu akadali wakumbuyo. Chithunzi chake ndilibe. Masiku ano ndikatsinzina kuti ndimuwone mwana wanga, nkhope yake imandithaŵa. Mnyamatayu makolo ake ndimaŵadziŵa. Zaka zinai akhala akuperekezana kusukulu mbandakucha, kuwoloka mitsinje dzinja lonse. Zokamba anthu mundisiyire ine."

Ndidachita manyazi, ngakhale mantha anga sadatheretu. Iwo ankafuna kuima pakhomo la tchalitchi, koma apo ndidakana ndithu, pakuti mpamene amaima akwati. Ndidaŵatengera ku mkuyu wa kuseri kwa nyumba ya ansembe, kumene mapiri amaoneka bwino. Nthaŵi inali cha m'ma 4 koloko, dzuŵa litapendeka. Kuŵaimika molipenya akadatsinzina, kuliika kumbuyo kwao nkhope zikadada bii. Koma mumthunzi kuŵala kumafika pankhope mofatsa. Makolo athu sadalakwe potcha chinthuchi chithunzi, mbale wake wa mthunzi.

Adaima chilili ngati asilikali, manja m'mbali, pakati pao pali mpata woti mbuzi nkudutsa. Ndidajambula katatu, nkhope zili zouma ngati za pa chiphaso. Kuona maso a nkhono nkudekha, choncho ndidanamizira kukonza kena kake pa kamera. Apo mpamene agogo aja adakuwa kuti, "Iwe, manja ako waŵaiŵala kwa atsibweni ako?" Onse aŵiri adaphulika nkuseka, mtsikana dzanja likupita kukamwa, mnyamata akuyang'ana manja a jekete aja. Ine ndidadina. Chithunzicho chidapendekeka pang'ono, ndipo nsonga ya phiri ndidaidula, koma pa zonse zimene ndajambula palibe chochiposa.

Ndidakatsukitsa ziŵiri pa Mponela. Sindidapatse anawo. Lamulungu lotsatira, Misa itatha, chimodzi ndidapereka m'manja mwa agogo, china m'manja mwa bambo ndi mai a mnyamata, anthu akuona. Ndidaganiza kuti ngati chithunzichi chiti chilankhule m'mudzi, chiyambe nkulankhula kwa eni ake a ana. Bambo wa mnyamatayo adachiyang'ana nthaŵi yaitali, kenaka adangofunsa ngati jekete lidabwezedwa lochapa.

M'mwezi wa Okutobala ndidakwera kuphiri kuja kukapereka Ukaristia kwa odwala, ndipo ndidapatukira kwa agogo. Mtsikanayo anali kudimba. Mnyamatayo, adandiwuza, adapita ku Madisi kukathandiza atsibweni ake pa golosale. Chithunzi chija chinali pakhoma, chokutidwa m'pepala la shuga kuwopa fumbi, pambali pa cha Mtima Woyera wa Yesu. Titapemphera, agogo adapenyetsetsa chikwama changa.

"Mwabwera nako kachitsulo kanu kaja?"

Ndidavomera. Adadzuka osaifuna nkomwe ndodo, naloŵa m'nyumba kukavala nsalu yao ya Legio. Ndidaŵadikira pakhonde pafupifupi theka la ora, ndikuyang'ana pabwalo ponse kuti mthunzi wabwino uli pati.