Kutchera taimingi pa injini ya Volkswagen Beetle

Kutchera taimingi disitiribyuta ikasinthidwa ndi ntchito imene imasiyanitsa mmisiri wophunzitsidwa bwino ndi amakanika a pansi pa mtengo, amene amangopotoza chipangizocho uku ndi uku mpaka injini italira mowakomera m'khutu. Taimingi ndi nthawi imene pulagi imathetheka moto poyerekeza ndi pamene pisitoni yafika, pomwe disitiribyuta ndi chipangizo chogawa motowo ku masilinda, ndipo pa Volkswagen Beetle, imene inkapangidwanso ku Uitenhage m'dziko la South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979, motowo umatsata ndondomeko ya 1-4-3-2.

Kuzula disitiribyuta yakale n'kulowetsa yatsopano n'kosafuna kufotokoza. Mpata wa mapoyinti, tizitsulo tiwiri timene tikatseguka timadula magetsi a koilo, umayamba waikidwa pa mamilimita 0.4, popeza ukasinthidwa pambuyo pake taimingi nayonso imasuntha. Pamene pagona ntchito ndi pa puli, gudumu lozunguza lamba kumbuyo kwa injini, chifukwa timipata tosemedwa m'mphepete mwake sititanthauza chinthu chimodzi: pa injini zambiri kampatako kamasonyeza madigiri 7.5 pisitoni isanafike pamwamba penipeni, koma pa zina kamasonyeza madigiri 5 itapitirira kale. Galimoto imene yadutsa m'manja mwa anthu ambiri kawirikawiri imakhala ndi puli yochotsedwa ku injini ina, choncho mmisiri sakhulupirira kampatako asanachotse pulagi ya silinda yoyamba, kupeza yekha pamwamba pa pisitoni mavavu onse awiri ali otseka, ndi kuona kuti rota yaloza kamzere ka pamlomo pa disitiribyuta. Akatero amayang'anitsa kampata koyenera ndi msoko wa pakati pa injini, amalumikiza babu ku koilo, n'kupotoza disitiribyuta pang'onopang'ono mobwerera kumanzere kufikira babuyo itangoyaka.

Mmisiri wina amene amasunga mwambowu anauphunzira kwa bambo wina wachikulire, amene babu yake inali ya indiketa yowotchereredwa ku mawaya awiri, yosungidwa m'kachitini ka fodya, ndipo wophunzira sankaloledwa kugwira sipanala ya 10 asanathe kunena, osayang'ana m'buku, mbali imene silinda yachitatu ili. Bamboyo sankalankhula zambiri; nthambo za mapulagi zikasokonezedwa ankangozizula zonse, kuziponya pansi, n'kupita kukamwa tiyi. Ukali wakewo unali ndi chifukwa, pakuti pa injini za chisanafike chaka cha 1971 chozizitsira oyilo chinkatchinga mphepo yopita ku silinda yachitatu, ndipo madisitiribyuta ambiri a kufakitale ankachedwetsa dala moto wa silinda imeneyo ndi madigiri pafupifupi 3 kuti isatenthe kwambiri. Wolakwitsa nthambo amapereka mpumulowo kwa silinda yosaufuna.

Masiku ano eni magalimoto amabwera atagula kale disitiribyuta yotchipa yotengera Bosch 009, imene ilibe kachitini kokoka mpweya ndipo imafulumizitsa moto ndi tizitsulo tolemera tokha. Zotengerazi sizifanana ngakhale zitachokera m'katoni imodzi, motero babu siyikwanira. Pamafunika nyali yothwanima, injini ikuzungulira maulendo 3000 pa mphindi, kuti motowo usapitirire madigiri 28 mpaka 32. Mwini galimoto akamva mtengo amadandaula kuti akulipitsidwa ndalama zambiri pa nati imodzi yokha, ndipo ena amapita kwa wotchera ndi khutu, amene amafulumizitsa moto mopyola muyeso chifukwa injini ikamalira galimoto itaima imamveka yamphamvu. Injini yozizira ndi mphepo ilibe madzi oti awire n'kuchenjeza woyendetsa, choncho kutentha kobwera ndi moto wofulumizitsidwawo kumadziwika vavu ya silinda yachitatu itapsa kapena pisitoni itabooka, pamene injini yonse iyenera kutsitsidwa.