Volovolo ya Amalume ndi Pisitolo ya Alamu

Pa khoma la nyumba imene ndinakuliramo ku Matero pali kabowo kakang'ono, pa msinkhu wa mutu wa mwana wokhala pa mpando. Alendo sakaona, pakuti tinakatseka ndi samenti ndi kupakapo laimu kawirikawiri, koma ife eni nyumba tidziwa pamene kali. Nkhani imene ndifuna kukusimbirani, inu owerenga, ndi ya kabowo kameneka, ndi ya amuna awiri a m'banja mwathu amene anatsutsana zaka zambiri za mfuti zao zazing'ono zogwira ndi dzanja limodzi.

Woyamba anali amalume, mlongo wao wa amai, amene anandilera atamwalira atate. Iwo anabadwira kufupi ndi Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata, ndipo ali mnyamata analembedwa usilikali mu Northern Rhodesia Regiment pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. M'caka ca 1944 anali m'nkhalango za ku Burma. Asilikali akuda anali kunyamula mfuti zazitali, koma akulu a nkhondo anali ndi mfuti yaing'ono m'cuuno, ndipo nchito ina ya amalume inali yopukuta ndi kudzoza mafuta mfuti ya mkulu wao. Kumeneko ndiko anayamba kuikonda volovolo. Atabwera ku nkhondo anadzakhala ku Lusaka, napeza nyumba ku Matero, malo amene khonsolo inamangira anthu akuda a pa nchito m'zaka za m'ma 1950. Dziko litalandira ufulu mu 1964 anatsegula sitolo, ndipo malonda atakula anapempha cilolezo ca Boma nagula volovolo ya Webley, yopangidwa ku Birmingham, yofanana ndi imene anali kupukuta ku nkhondo.

Kwa inu amene simunaione, volovolo iri ndi citsulo cobulungira pakati pace, cokhala ndi zipinda 6, ndipo m'cipinda ciri conse mulowa cipolopolo cimodzi. Munthu akakoka kacitsulo ka pa cala, citsulo cija cizungulira pang'ono, nicifikitsa cipolopolo pakamwa pa mpope, ndipo kanyundo kamenya kumbuyo kwace. Munthu wa ku America, Samuel Colt, ndiye anacukitsa mfuti ya mtundu umenewu, atalembetsa luso lace m'caka ca 1836. Ya amalume inali kutseguka pakati monga mpeni wopinda, ndipo itatseguka munthu anali kuona ndi maso zipinda zonse, zodzala ndi zopanda kanthu. Amalume anali kunena kuti mfuti imeneyi iribe cinsinsi ndi mwini wace. Analinso kuitama cifukwa cipolopolo cimodzi cikakana kulira, munthu angokokanso, ndipo cidzafika cinzace.

Waciwiri anali alamu, amene anakwatira mlongo wanga, ndipo amalume ndiwo anali ankhoswe a ukwati wao. Alamu anali ndi malonda a ufa ndi mafuta ophikira ku Kanyama, ndipo madzulo anali kuyenda ndi ndalama za tsiku lonse m'thumba. Iwonso anali ndi cilolezo, koma anasankha pisitolo yochedwa CZ 75, yopangidwa ku Czechoslovakia. Mfuti yotere iribe citsulo cozungulira. Zipolopolo zikhala mondanjikizana m'kabokosi kochedwa magazini, kamene kalowa m'cigwiriro. Cipolopolo cikalira, mphamvu ya wonga ikankhira kumbuyo citsulo ca pamwamba, cimene citaya cikhokhombe kunja, ndipo pobwerera citenga cipolopolo cina nicicilowetsa mu mpope. Motero mfuti idzikonzera yokha. John Browning wa ku America ndiye katswiri amene anakometsa mapangidwe amenewa. Pisitolo yace ina inalandiridwa ndi ankhondo a dziko lace mu 1911, ndipo inali kutenga zipolopolo 7. Ya alamu inali kutenga 15.

Mwina mudzafunsa kuti anthu okhala m'makomboni, ogona m'nyumba zoyandikana kotero kuti mnansi akatsokomola umamva, anali kufuniranji mfuti. Kumudzi tinali kudziwa gogodela wa ambuye, wothira wonga ndi zitsulo pakamwa, ndipo nchito yace inali ya nyama ndi nguluwe za m'munda. M'tauni zinthu zinasinthika m'zaka za m'ma 1970, pamene dziko lathu linasunga omenyera ufulu a maiko a kumwera. Mu October 1978 ndege za ku Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo mu April 1979 asilikali ao analowa m'mzinda usiku naphwanya nyumba ya Joshua Nkomo. Nkhondo zimenezo zitatha, mfuti zina za AK-47 zinatsala m'manja mwa anthu osayenera. Nthawi yomweyo mtengo wa mkuwa unagwa, nchito zinacepa, ndipo mu June 1990 anthu a mu Lusaka anacita cipolowe cifukwa ca kukwera kwa mtengo wa ufa. Munthu wa sitolo anali kugona ndi khutu limodzi lotsegula.

Ine ndinali ndi kagolosale ku Chawama. Usiku wina, m'zaka za m'ma 1990, ndiri kutseka citseko, anafika amuna atatu, mmodzi ali ndi mfuti. Anandigoneka cafufumimba pa simenti, nandiponda pakhosi, natenga ndalama ndi katundu amene anatha kunyamula. Sanandipweteke kwambiri m'thupi, koma manyazi ndi mkwiyo zinandidya masabata ambiri, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti inenso ndidzagula mfuti. Ndinakatenga mapepala ofunsira cilolezo, ndipo Lamulungu lina masana, titadya nsima kwa amalume, ndinafunsa akulu awiriwo kuti andiuze mtundu woyenera kugula.

Alamu ndiwo anayamba, atapempha ulemu. Anati, "Atate, mundikhululukire, koma mfuti yanu ndi ya masiku akale. Mbala za lero sizibwera imodzi imodzi. Inu mukaomba kasanu ndi kamodzi mwatha, ndipo muyamba kulowetsa zipolopolo cimodzi cimodzi mumdima, manja ali kunjenjemera. Ine ndiri nazo 15, ndipo zikatha ndicotsa magazini ndi kulowetsa ina msanga. Ndiponso yanga ndi yopyapyala, ibisika bwino m'malaya. Angerezi omwe, amene anakuphunzitsani, anaisiya kale volovolo natenga pisitolo ya Browning."

Amalume anaseka pang'ono nati, "Akamwini, zonse mwanenazo nzoona. Koma ine ndinaona nkhondo, ndipo ndikuuzani kuti munthu wa sitolo amene 6 sizinamkwane, 15 sizidzampulumutsa. Mfuti yanuyo ifuna munthu woipukuta ndi kuiyesa kawirikawiri. Fumbi la ku Kanyama likalowamo, kapena cipolopolo cikakhala cakale, igwira pakati, ndipo inu muyamba kulimbana nayo mdani ali pamaso panu. Yanga ingagone m'bokosi caka conse, ndipo tsiku loifuna idzayankha. Cina ndi ici: zipolopolo zanu zambirizo zipita kuti? Kuseri kwa khoma liri lonse muno kuli mwana wa munthu."

Pamenepo alamu anafuna kutionetsa kupepuka kwa kacitsulo ka pa cala ka mfuti yao, poyerekeza ndi ka volovolo kamene kali kolimba. Anaisolola m'cuuno, nacotsa magazini, naiika pa thebulo kuti tonse tione kuti mfuti iribe kanthu. Amalume anatukula dzanja kuti anene mau, koma anacedwa. Kunamveka kulira kwakukulu kumene kunatseka makutu athu, fumbi la laimu linagwa, ndipo m'nyumba munadzala fungo la wonga. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zinai, anali atakhala pa kampando pafupi ndi khoma, ali kudya cimanga cootcha. Kanthawi pang'ono mfuti isanalire, amace anamuitana kukhicini kuti akasambe m'manja, ndipo iye ananyamuka monyinyirika. Cipolopolo cinalowa m'khoma pamene panali mutu wace.

Panalibe wolankhula. Alamu anakhala pansi pa simenti nagwira kumutu, ndipo mlongo wanga anayamba kulira monga pa maliro. Anansi anadzaza pakhomo. Amalume anatola mfutiyo, nakoka citsulo ca pamwamba, nasuzumira mu mpope, naiika m'thumba lao. Sanakalipe ai. Anangoti, "Akamwini, mawa tidzapita tonse kukauza apolisi zimene zacitika."

Cimene cinacitika nciani? Pisitolo ikakonzedwa kuti iombe, cipolopolo cimodzi cimakhala citacoka kale m'magazini ndi kulowa mu mpope. Kucotsa magazini sikucotsa cimeneco. Cikhala m'kati mosaoneka kufikira munthu atakoka citsulo ca pamwamba ndi kuyang'anamo. Mapisitolo ena, monga Browning ya 1935, anapangidwa kuti asalire magazini itacotsedwa, koma ambiri salinso cotero. Alamu anali kudziwa zimenezi, pakuti anaphunzitsidwa. Koma m'mawa wa tsiku lomwelo anaikonza mfutiyo podutsa njira ina yoopsa, ndipo m'kutentha kwa mtsutso anaiwala. Ngozi zotere zacitika m'maiko ambiri, ndipo ndico cifukwa cace ophunzitsa za mfuti amayamba ndi malamulo awiri: kuyesa mfuti iri yonse kuti iri ndi cipolopolo, ndi kusailozetsa kumene sufuna kuononga.

Sindifuna kuti muganize kuti amalume anapambana mlandu wonse. Dziko linatsata alamu. Mu 1982 Gaston Glock wa ku Austria anapanga pisitolo ya cigwiriro ca pulasitiki yotenga zipolopolo 17, ndipo m'zaka zotsatira apolisi ambiri a ku America anasiya mavolovolo ao. Ankhondo a ku Britain anailandira mfuti imeneyo mu 2013. Kwa msilikali kapena wapolisi, amene aphunzira ndi kuyesa mfuti yace nthawi ndi nthawi, pisitolo iri ndi ubwino woonekeratu. Ndiponso volovolo si mfuti yopanda ngozi. Yapha ana ambiri amene anaipeza pansi pa mtsamiro. Komabe mpaka lero ikupangidwa ndi kugulidwa, ndipo oikonda anena mau omwe aja a amalume, kuti njosavuta kuimvetsa, njokhulupirika, ndipo siibisa cimene iri naco.

Nditalingalira zaka zonsezi, ndaona kuti amuna awiriwo anali kusankha monga mwa mantha ao. Alamu anali kuopa kucepekedwa pamaso pa adani ambiri, cotero anafuna zipolopolo zocuruka. Amalume, amene anaona anzao akufa ku Burma, anali kuopa dzanja lao lomwe, cotero anafuna mfuti yolimba kukoka, yopatsa munthu kanthawi kakuganiza. Ndipo ine ndinadzifunsa kuti mantha anga ndi otani. Ndinapeza kuti cimene cinandituma kukatenga mapepala aja cinali mkwiyo wa phazi lija londiponda pakhosi. Usiku wa acifwamba, ngakhale ndikadakhala ndi mfuti m'cuuno, sindikadapeza mpata wakuisolola, ndipo mwina akadaitenga ndi kukaphera nayo munthu wina. Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. Mapepalawo ndinasonkhezera mbaula. Ndalama zimene ndinasungira mfuti ndinagulira citseko ca citsulo, ndipo ife a masitolo a mu mzera wathu tinasonkherana kulemba alonda awiri ndi kuika nyale panja.

Lamulo la dziko lathu, Firearms Act, limene liri Caputala 110 ca malamulo a Zambia, liti munthu asakhale ndi mfuti popanda cilolezo, ndipo mfuti iri yonse ilembedwe m'kaundula. Cotero mfuti si khasu kapena njinga imene mwana angotenga pa cuma ca masiye. Amalume anali kudziwa zimenezi. Maso ao atayamba kucita khungu, anandiitana m'mawa wina nati, "Iwe mwana wa mlongo wanga, undiperekeze." Anabvala jekete lao la ku chalichi, nakulunga volovolo m'nsaru yoyera, ndipo tinayenda pang'onopang'ono kufikira ku polisi ya ku Matero. Kumeneko anaitsegula pakati, naonetsa wapolisi zipinda zonse 6 zopanda kanthu, napereka zipolopolo pa zokha m'kabokosi, nasaina m'buku. M'zaka zonse zimene anaisunga sanailozetse kwa munthu ngakhale kamodzi. Pobwerera ndinawafunsa ngati mtima suwawa. Anati uwawa ndithu, koma munthu wosaona bwino sayenera kusunga cinthu cimene cifuna maso.

Alamu anasunga pisitolo yao zaka zina zingapo, koma sanaiturutsenso pamaso pa anthu, ndipo pofika pa nyumba ya munthu anali kuyamba aicotsa zonse ndi kusuzumira mu mpope kawiri. Mwana wanga uja tsopano ndi mai wa ana atatu, ndipo akhala ku Mtendere. Mwana wace woyamba, mnyamata wa malonda a mafoni, anadza kwa ine caka catha kudzafunsa ngati volovolo iposa pisitolo, pakuti anzace awiri anaberedwa. Ndinamuuza zonse zimene ndalemba pano, ubwino wa iyi ndi ubwino wa iyo, osabisa kanthu. Pambuyo pace ndinapita naye ku Matero, ndinamkhazika pa kampando pafupi ndi khoma, ndipo ndinatenga cala cace ndi kucikhudzitsa pamene pali samenti yatsopano.