Ana a M'makomboni a Lusaka ndi Masewera a Ndodo Yokhota

LUSAKA: Munthu akacoka pakati pa mzinda ndi kutsata mseu waukulu wa Great North Road wopita ku Kabwe, amapitirira mphambano yolowera ku Matero, ndipo posakhalitsa amaona cimphona ca bwalo la mpira, la National Heroes Stadium, lomwe linatsegulidwa m'caka ca 2014. Pafupi nalo pali bwalo lakale la Independence Stadium, pomwe mbendera ya Zambia inakwezedwa koyamba mu Okutobala 1964. Alendo ambiri maso ao amathera pa mabwalo awiriwa, osadziwa kuti m'dera lomwelo muli bwalo lina laling'ono, loyalidwa udzu wopanga anthu, pomwe ana amathamangitsa kampira kolimba ndi ndodo zokhota kunsonga. Masewerawa dzina lake ndi hockey.

Hockey iri pawiri. Ina imaseweredwa pa madzi oundana, ina pa nthaka. Ya pa madzi oundana kwao ndi ku maiko ozizira monga Canada, komwe mpikisano woyamba wa m'nyumba unacitikira mu mzinda wa Montreal m'caka ca 1875. Kumeneko cisanu cikafika, makolo ndi aphunzitsi amathira madzi pa bwalo la sukulu kapena kuseri kwa nyumba, ndipo pomaca madziwo amakhala atauma gwa ngati mwala. Ana amavala nsapato zokhala ndi kacitsulo kunsi, natsetsereka pamenepo ali ndi ndodo m'manja, asanu ndi mmodzi mbali iriyonse. Mwana amayamba kuphunzira kuima pa nsapatozo asanadziwe n'kulemba komwe dzina lake.

Ku Lusaka nkhani ndi ina. Ngakhale mzindawu uli pamtunda wokwera ndipo mphepo ya mu Juni ndi Julayi imalowa m'mafupa, madzi a m'zithaphwi za ku Kanyama saundana. Wofuna bwalo la madzi oundana m'maiko otentha ayenera kumanga nyumba, kuyala mipope pansi ndi kuyendetsa makina oziziritsa usana ndi usiku. Ku Nairobi, m'dziko la Kenya, bwalo lotere linatsegulidwa mu hotela ya Panari m'caka ca 2005, ndipo ndi pomwe panabadwira timu ya Ice Lions. Koma mabanja a m'makomboni, amene anakhala mu mdima maola ambiri m'caka ca 2024 madzi atacepa m'nyanja ya Kariba, adziwa okha kuti palibe sukulu ya Boma ingadyetse makina otere magetsi. Cotero hockey yoyenera mwana wa muno ndi ya pa nthaka.

MALAMULO AKE

Masewerawa afanana ndi mpira wa miyendo pa zinthu zingapo. Mbali iriyonse imakhala ndi osewera 11, ndipo bwalo lake ndi lotalika mamita 91.4, m'lifupi mamita 55. Kusiyana kwake n'kwakuti mpira ndi waung'ono ngati lalanje, wolemera pafupifupi magalamu 160, ndipo saloledwa kuukhudza ndi phazi kapena dzanja kupatula mlonda wa pagolo. Ndodo yake iri ngati yoyendera agogo, koma mbali imodzi ndi yaphwatalala, ina yobulungira, ndipo mpira umamenyedwa ndi mbali yaphwatalalayo basi.

Mwana woyamba kumene amaphunzitsidwa kugwira ndodo, dzanja lamanzere pamwamba, lamanja cakumunsi, ndi kupinda mawondo ngati munthu wopalira m'munda. Akatero amaphunzira kukankha mpira, kuuimitsa, ndi kuthamanga nao maso ali kutsogolo. Kumenya mwamphamvu kumabwera pambuyo, cifukwa kampirako kakamenya mwendo kapena mano kamavulaza. N'cifukwa cake wosewera amavala zochinjiriza miyendo ndi kamphira ka m'kamwa, pomwe mlonda wa pagolo amavala cisoti ndi zochinga thupi lonse.

BWALO LIMODZI

M'masiku a atsamunda hockey inali ya m'makalabu a Azungu ndi Amwenye ndiponso ya m'masukulu owerengeka. Mwana wa ku Matero kapena ku George analibe pomwe akanaionera. Cinthu cinasintha mu Meyi 2010, pamene malemu Pulezidenti Rupiah Banda pamodzi ndi a Jacques Rogge, amene panthawiyo anali mtsogoleri wa bungwe loyendetsa masewera a Olympic pa dziko lonse, anatsegula malo ochedwa Olympic Youth Development Centre, omwe anthu amangoti OYDC. Boma la Zambia linapereka malo, ndipo mabungwe a masewera osiyanasiyana a pa dziko lonse anathandiza ndi zipangizo. Awa anali malo oyamba a mtundu umenewu omangidwa ndi bungwelo; aciwiri anatsegulidwa ku Haiti m'caka ca 2014.

Nzeru yaikulu inali posankha malo. Sanamange ku mayadi kwa anthu a magalimoto ai, koma pakati pa makomboni a kumpoto kwa mzinda, pomwe mwana wa ku Mandevu, Chaisa, Chipata kapena Matero angafike ndi miyendo yake akaweruka ku sukulu. Pamodzi ndi mabwalo othamangirapo, a nkhonya ndi a mpira, panayalidwanso bwalo la hockey. Ana amene kale anali kungodziwa cimpombwa, mpira wa mapulasitiki omanga ndi zingwe, anagwira ndodo yokhota kwa nthawi yoyamba.

Zipatso sizinacedwe. M'caka ca 2014 Zambia inatumiza timu ya anyamata ndi ya atsikana ku mpikisano wa Olympic wa acinyamata mu mzinda wa Nanjing ku China. Mu Okutobala 2018, ku Buenos Aires m'dziko la Argentina, anyamata a Zambia anadabwitsa anthu pogonjetsa Australia, dziko lochuka kwambiri pa hockey, nalowa m'gulu la matimu anai otsiriza. Kumeneko anagonja kwa Malaysia, kenaka kwa eni mudzi a Argentina, ndipo anabwera kwao ali pa nambala 4 mwa matimu 12. Panali patangopita zaka zisanu ndi zitatu cimangire bwalo lija. Mu Januwale 2024 timu ya azimai inakaimira dziko lino pa mpikisano wa dziko lonse ku Muscat, m'dziko la Oman.

Mipikisano yonseyi inali ya hockey ya osewera asanu mbali iriyonse. Imeneyi imaseweredwa pa bwalo laling'ono lozingidwa ndi matabwa aafupi, kotero kuti mpira ukagunda thabwa umabwerera m'bwalo ndipo masewera saima kawirikawiri. Inakonzedwa dala kuti maiko ndi masukulu opanda mabwalo akuluakulu nawonso alowe nao.

ULENDO WA M'MAKOMBONI

Komabe Lusaka ndi wamkulu, ndipo mwai wa mwana umacepa monga momwe mtunda wocokera pa bwalolo ukukulira. Matero, imene inamangidwa ndi khonsolo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, iri ndi miseu yoongoka, masukulu akale okhala ndi mabwalo, ndiponso bwalo lake la Matero Stadium. Mwana wa kumeneko ulendo sumubvuta kwenikweni. Kupitirira Matero cakumadzulo kuli George, komwe anthu anayamba kumanga okha popanda mapulani. Nchito yokonza komboniyi, pamodzi ndi Chawama ndi ena, inacitika kuyambira m'caka ca 1974 ndi ngongole ya World Bank. Inabweretsa mipope ya madzi, miseu ndi masukulu, koma nyumba zinali zitathithikana kale, ndipo malo apululu anatsala ocepa.

Ku Kanyama bvuto ndi madzi. Komboniyi inakhala pa thanthwe, pamalo athyathyathya, ndipo mvula ikagwa madzi alibe kolowera. Akuluakulu akumbukirabe cigumula ca 1978 comwe cinagwetsa nyumba zambiri. Kufikira lero, m'miyezi ya dzinja mabwalo ambiri amasanduka maiwe, ndipo akauma amasiya miyala ndi maenje. Mpira wa miyendo umapirira nthaka yotere, koma kampira ka hockey kakagunda mwala kamadumpha mpaka kumaso.

Ku Chawama, kumwera kwa mzinda, ana ndi ocuruka ngati nyerere, ndipo bwalo limodzi limagawidwa pakati pa matimu a mpira, misonkhano ndi mapemphero. Ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, kum'mawa, mtengo wa malo wakwera kwambiri cifukwa ca masitolo ndi maofesi omangidwa m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata. Mwana wa m'makomboni atatuwa akafuna kufika ku OYDC ayenera kukwera basi yolowa m'tauni, natsika, nakweranso ina yopita kumpoto, ndipo madzulo acite cimodzimodzi pobwerera. Kwa mai wogulitsa tomato ndi makala pa msika, ndalama ya mabasi anai pa tsiku ndiyo ndiwo za banja lonse. Kwa mwana wamkazi pali cinanso: makolo safuna kuti aziyenda yekha dzuwa litalowa.

BWALO LA SUKULU

Apa ndi pomwe bwalo la sukulu lionekera kufunika kwake. Kuyambira m'caka ca 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu, ana ambiri anabwerera m'makalasi, ndipo zipinda zinacepa. Pofuna pomanga zipinda zatsopano, maso a anthu amathamangira ku bwalo la masewera, popeza ndiwo malo okha opanda kanthu. Zipinda n'zofunika ndithu, koma bwalo likangodulidwa silibwereranso. M'komboni, momwe khomo la wina lipenyana ndi cimbudzi ca mnzake, mwana wotaya bwalo la sukulu alibe kwina kothamangira koma mu mseu wa magalimoto kapena pakhomo pa shabini.

Cikondweretsa n'cakuti hockey ya oyamba kumene sifuna malo aakulu. Bwalo la mpira wa manja wa atsikana, lotalika mamita 30.5, likasalazidwa bwino kapena kuthiridwa simenti, likwana ana khumi kusewera, ndipo matabwa kapena njerwa zingaikidwe m'mbali. Ndodo makumi awiri, timipira tingapo ndi mphunzitsi mmodzi wodziwa malamulo zikwanira kuyambitsa gulu. Ndalama za citukuko ca m'madera, za CDF, zomwe zinakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu m'caka ca 2022, zimagwira nchito zimene anthu eni ake apempha kudzera m'makomiti ao. Ngati makolo sachula bwalo pa misonkhano imeneyo, palibe wina adzawachulira.

Awerengi a ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi angaganize kuti iyi ndi nkhani ya m'tauni cabe. Koma cimene cisowa ku George ndi ku Chawama, kumudzi ciripo cambiri, ndico malo. Masukulu ambiri a kumidzi ali ndi mabwalo otakasuka amene angofuna makasu, mcenga ndi manja a anthu, ndiponso mfumu ndi komiti ya makolo zoteteza malire ake kuti minda ndi nyumba zisalowemo. Anansi athu a ku Zimbabwe anapata mendulo yao yoyamba ya golide pa masewera a Olympic kudzera mwa azimai osewera hockey ku Moscow m'caka ca 1980, dziko lao litangolandira ufulu. Akale anati kuongola mtengo mpoyamba. Anyamata amene anagonjetsa Australia anayamba ali ana wamba a mu Lusaka, ndipo cimene cinawasiyanitsa ndi anzao a ku Kanyama kapena ku Sinda n'cakuti iwo anapeza bwalo losalala, ndodo ndi mphunzitsi.