Dzina Limodzi, Mitundu Yambiri

Tili ana, m'mbali mwa Shire kufupi ndi Chiromo, tinkathamangitsa atombolombo m'mabango amayi athu akuchapa. Onse tinkaŵatchula dzina limodzi, ndipo aang'ono oonda ngati udzu aja tinkaŵayesa ana a aakulu. Patapita zaka ndi pamene tidadziŵa kuti tinali kulakwa.

Akatswiri amaŵagaŵa m'magulu aŵiri. Aakulu aja akatera amatambasula mapiko, ndipo maso ao amakhala ogundana. Oonda aja, otchedwa Zygoptera, ambiri akatera amapinda mapiko pamsana, ndipo maso ao ngotalikirana. Pakati pa oondaŵa, banja lalikulu koposa ndi Coenagrionidae, lokhala ndi mitundu yopitirira 1,000 pa dziko lonse: ena obiriŵira, ena ofiira, ena amtundu wa thambo. Kuŵerengako sikudathe: mu 2015 akatswiri atatu, motsogozedwa ndi Klaas-Douwe Dijkstra, adalengeza mitundu 60 ya atombolombo a mu Africa imene inali isanalembedwepo.

Pa Chiromo pomwepo mtsinje wa Ruo umathira mu Shire madzi ochokera ku phiri la Mulanje. Pamwamba pa phirilo pamakhala katombolombo kofiira, Oreocnemis phoenix, kamene Elliot Pinhey adakatcha dzina mu 1971. Sikapezeka kwina kulikonse pansi pano, ndipo kali pa chiwopsezo chakutha. Ife tidasamba m'madzi a kwao zaka zonsezi, osadziŵa kuti kaliko.

Nanga kusadziŵako kuli ndi kanthu? Kuli nako ndithu. Tombolombo amayamba moyo wake m'madzi. Ana a oonda aja amapumira tinthu titatu tonga masamba ta kumchira, ndipo pakati pa zimene amadya pali mphutsi za udzudzu. Mitundu ina imapirira m'zithaphwi zamatope, koma ina imafuna madzi oyera oyenda ndi mthunzi wa mitengo. Tikadula mitengo ya m'gombe, tikalima mpaka m'madzi, tikatsukira mumtsinje pampu yopopera thonje, mitundu yosapirira ija ndiyo imayamba kuzimirira. Koma ife, poona kuti atombolombo ena akuulukabe, timati zonse zili bwino. Chimene sitidachisiyanitse ndi chinzake, chikasoŵa sitichilira maliro.

Dambo la Elephant Marsh lili ndi dzina la njovu zimene David Livingstone adaziwona mu 1859. Dzina lidatsala, njovu zidapita. Mu 2017 dambolo lidaloŵa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse, koma kaundula sateteza madzi. Amateteza ndi ife amene timaŵedzamo ndi kulima m'madimba ake.

Tsono tikapita kumtsinje ndi ana athu, tiime pang'ono. Tiŵaonetse wopinda mapiko ndi wotambasula, wofiira ndi wobiriŵira, ndipo tiŵerenge pamodzi. Chaka chamaŵa tidzaŵerengenso. Akulu adati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.